Diresi la Dona wa Singano

Sajeni anachiona chithunzicho asanaitanidwe n'komwe. Anachiona Lachitatu m'mawa ali pa desiki yake ku polisi, tiyi akuzizira, chala chikuyenda pa foni monga amachitira onse amene amati alibe nthawi ya zapafoni. Linali diresi la ukwati, loyera mbee, litapachikidwa patsogolo pa nsalu yoyala pabedi. Analiposita m'gulu la amalonda a mumsewu waukulu munthu wa peji yatsopano, yopanda nkhope, yopanda dzina lomveka. Pansi pake analemba mawu ochepa chabe: "Diresi ili alisoka bwanji? Nenani zoona."

Komenti yachitatu inali ya mkwatibwi. "Ilitu ndi diresi langa la Loweruka! A Dona wa Singano, munalumbira kuti palibe adzaliona tsiku lisanafike. Likutani pano?"

Dona wa Singano anali mng'ono wake wa Sajeni, bere limodzi. Ndipo tisabise, Sajeni anamwetulira. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akuthamangitsana ndi akuba, dzuwa likumuwotcha m'khosi, peji yake inali ndi otsatira makumi asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo apolisi anzake. Mng'ono wakeyo ankangoima pafupi ndi diresi, kupendeketsa khosi, kutulutsa timilomo, basi anthu zikwi makumi anayi n'kumakuwa kuti "Manja odala!" Nsanje imeneyi Sajeni ankaidziwa bwino. Ankagona nayo, kudzuka nayo, ndipo m'mawa umenewo inadya n'kukhuta.

Foni inalira m'manja mwake momwemo. Anali Dona.

"Asisi, andipha! Bwerani msanga, andipha ine!"

*

Shopu ya Dona inali ndi nkhope ziwiri. Kutsogolo kunali magalasi, kapeti, mpando wawofuwofu ndi nyali yozungulira yojambulira zithunzi. Kuseri kwa katani kunali kachipinda kotentha, makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu, ndi chidole chovekapo zovala chitaima chopanda kanthu. Dona anali atalira ndithu, koma mosamala, moti nsidze zonse zinali m'malo mwake.

"Lasowa liti?" anafunsa Sajeni.

"Lolemba masana."

"Lolemba? Lero Lachitatu. Masiku awiri umadikira chiyani, kuti libwerere lokha?"

"Ndimaopa anthu angadziwe, asisi. Dzina ndi dzina. Ndimafufuza mwakachetechete."

"Chabwino, pano adziwa onse. Unali kuti?"

"Ndinatseka thwelofu koloko, ndinapita ku saluni. Ndinali pa layivi ola lathunthu. Amandikonza tsitsi ulere ndikamawatchula."

"Ndiye kuti unauza anthu zikwi makumi anayi kuti m'shopu mulibe munthu."



Sajeni anawerama pa chitseko. Loko sanathyoledwe, analibe ngakhale kokanda. Zitsulo za pawindo zinali zolimba. Makina onse analipo, nyali ija inalipo, mipukutu ya nsalu zodula inali pa shelefu monga mwa masiku onse. Wakuba ameneyu anadutsa zonsezo n'kukavula chidole basi.

"Makiyi alipo angati?"

"Atatu. Wanga, wa alamu anu, ndi wa amayi."

"Amayi ali kuti?"

"Kunyumba, maondo awavuta sabata ino. Asiyeni amayi, iwo amangobwera kudzathandiza timabatani. Ndi Atsidya, asisi! Mwezi watha anabwera kudzabwereka ulusi, makiyi ali pa kauntala pomwepa. Kudulitsa kiyi n'chinthu chovuta ngati? Mayi uja amandida. Positi yanga iliyonse amaiona, koma sanalayikepo ngakhale imodzi."

Atsidya anali telala wa shopu yoyang'anizana nayo, kutsidya kwa msewu. Sajeni nayenso mapositi a Dona ankawaona onse osalayika.

"Mkwatibwi wati likapanda kupezeka mawa, auza dziko lonse kuti ndinagulitsa diresi lake," anapitiriza Dona. "Akwatibwi awiri a mwezi wamawa alemba kale kuti ayamba aganiza kaye. Dzina likafa, shopu ino yafa. Ine folo koloko ndipanga layivi, ndiwatchula Atsidya anthu onse amve."

"Ukatchula munthu popanda umboni, womangidwa ukhala iweyo."

"Ndiye pezani umboniwo. Si ntchito yanu?"

Sajeni anafunsa ngati panali chithunzi chomaliza cha diresilo lisanasowe. Chinalipo, cha Lolemba m'mawa, chomwe Dona anatumizira mkwatibwi. Anachilandira pa foni yake osachiyang'anitsitsa, n'kutuluka. Nthawi inali itadutsa kale leveni koloko.

*

Mwamuna wa Dona anali makanika. Sajeni anamupeza ku galaja miyendo yokha ikuoneka kunsi kwa galimoto.

"Alamu, tulukani tilankhule."

Anatuluka akupukuta manja pa chisanza chomwe chinali chakuda kuposa manjawo. "Ngati ndi za diresi, alamu, ine diresi ndilitani? Ndivale?"

"Lolemba, thwelofu mpaka wani koloko, munali kuti?"

"Pompano. Ndimalimbana ndi Mkango."

"Mkango?"

"Kuli kamunthu kena kamadzitcha Mkango Wosakwatira. Chithunzi chilichonse cha mkazi wanga, timitima tofiira. Layivi iliyonse, 'Dona, lero wawala.' Akuwalira iyeyo? Taonani." Anatulutsa foni yamafuta okhaokha. Makomenti ake anali ondondozana pansi pa layivi ya ku saluni ija, mphindi zisanu zilizonse, ena a zilembo zikuluzikulu. Chapakati anali ataposita chithunzi cha sipanala yaikulu ili m'manja mwake, khoma la galaja likuoneka kumbuyo, ndi mawu akuti "Bwera tidziwane."

"Makomenti munthu amalemba ali paliponse," anatero Sajeni.

"Funsani mwini galimoto iyi. Anakhala pa tayala ilo ola lonse akunditukwana kuti ndasiya mabuleki ake n'kumakangana ndi foni. Wabweranso lero, sindinamalize."

Mwini galimotoyo, bambo wachikulire yemwe anali atakhaladi pa tayala lomwelo, anagwedeza mutu mowawidwa mtima. "Sanasunthe, mayi. Bwenzi atasuntha, mwina galimoto yanga ikanatha."

Sajeni anayang'ana mlamu wake m'maso. "Koma peji ija mumafuna itafa."

"Ndimafuna itafa dzulo! M'nyumba mwanga timadya chakudya chozizira chifukwa chiyambe chajambulidwa. Munthu ukamuyankhula amati dikirani ndiyankhe makasitomala. Koma alamu, ine ndikanati ndibe, ndikanaba foni, osati diresi."

Zinali zomveka. Komanso Sajeni anayang'ana zikhadabo zakezo, nakumbukira kuyera kwa diresi la pa chithunzi lija. Manja amenewo sakananyamula nsalu yoyera ngakhale masitepe atatu.

"Pitani kwa Atsidya," anatero makanika akubwerera kunsi kwa galimoto. "Ndadutsa pamenepo m'mawa. Chithunzi chija akuchiyang'ana ngati mwatuluka mwana wawo wotayika."

*

Atsidya anali ndi tepi m'khosi ndi mapini atatu pakamwa, ndipo sanaone chifukwa chowachotsera kaamba ka yunifomu ya polisi.

"Mwabwera kudzandimanga? Dikirani ndimalize kolala iyi, mwini wake akuifuna lero."

"Ndabwera kudzafunsa. Lolemba masana munali kuti?"

"Muno, ndi amayi khumi ndi awiri a kwaya, ndikuwayeza mayunifomu. Mayina ndikupatsani. Tonse timaonera layivi ya mng'ono wanu, tikumudya miseche bwinobwino."

"Mumamuonera bwanji munthu amene simumukonda?"

"Aa, a Sajeni! Munthu umaonera chomwe chikukupweteka. Lilime silichoka pa dzino lobowoka. Ine ndasoka zaka makumi atatu, peji yanga ili ndi anthu mazana atatu, ndipo theka ndi abale a amuna anga. Iye wabwera dzulodzuloli, akwatibwi onse awolokera uko. Nsanje ndili nayo, sindikana, ndingakanirenji?"

Sajeni anayang'ana kumbali. Zinali ngati mayiyo akuwerenga za mumtima mwake.

"Koma lero nsanje yanga si ya iyeyo," anapitiriza Atsidya. Apa ndiye anachotsa mapini aja, natenga foni, nakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. "Ndi ya msoko uwu. Taonani mpenderowu. Wapamanja, ulusi osaoneka kunja ngakhale pamodzi. Ine maso anga asiya kale zimenezi."

Sajeni anatulutsa foni yake. "Ichi ndi cha Lolemba m'mawa, lisanabedwe."

Atsidya anaika mafoni awiriwo pa tebulo moyandikana. Anayang'ana ichi, anayang'ana icho. Kenako anaomba m'manja kamodzi.

"Ha! Inu apolisi mumaona ndi chiyani? Lolemba mkono wakumanzere ulibe mikanda, uli mbee. Mpendero agwiriza ndi mapini, si awa akunyezimira awa? Tsono onani cha lero. Mikanda yadzaza mikono yonse, mapini palibe, ndipo alisita. Wakuba wanuyo wamaliza ntchito."

Sajeni anawerama. Zinali zoona. Diresi linabedwa losatha, n'kutulukira pa foni litatha.

"Mwina analipereka kwa telala wina kuti aligulitse bwino."

"Woti agulitse angalionetse gulu lonse? Komanso mikanda iyi amasoka umodziumodzi, ndi ntchito ya masiku awiri osadzuka pampando. Ndipo telala akalowa pa ntchito ya mnzake timaona pomwe dzanja lasinthira, monga mwana akapitiriza kulemba m'kope la mnzake. Apa palibe. Amene anayamba ndi amene wamaliza."

Mtima wa Sajeni unadumpha, ndipo unadumpha ndi chimwemwe, zomwe zinamuchititsa manyazi pambuyo pake. "Mukuti mng'ono wanga wadzibera yekha kuti atchuke?"

Atsidya anaseka chikhakhali mpaka tepi inagwa m'khosi. "Mng'ono wanuyo? Ndi zikhadabo zomata zija? Munamuonapo atagwira singano kupatula pojambulitsa? A Sajeni, inu simubwerabwera kuno, ine ndimakhala pano kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Makina akamalira tsidya lija, Dona amakhala ali pakhomo akudzijambula. Makinatu salira okha. Ndipo kuyambira Lolemba masana sanalirepo."

Sajeni anaima kakasi. Makiyi anali atatu, ndipo iye anafunsa za awiri okha. Khoswe anali atakhala pa mkhate. Wotchi ya pakhoma inali itatsala pang'ono kukwana fili koloko.

*

Chitseko cha kwa amayi chinali chosakhoma. Sajeni anadutsa pabalaza, pomwe panali chithunzi chake cha tsiku lomaliza maphunziro a upolisi, chaching'ono, ndi kalendala ya shopu ya Dona, yaikulu. Analowa kuchipinda osaodira.

Amayi sanali pabedi. Anali pa kampando pafupi ndi windo, magalasi omangirira ndi ulusi ali pamphuno, akutolera mikanda yotsala m'kabotolo. Pa chitseko cha wadirobu panali nsalu yoyala pabedi, ndipo patsogolo pake diresi lija, likuwala ngati silikudziwa kuti labedwa.

"Wachedwa," anatero amayi osatembenuka. "Ndimayesa ufika m'mawa, wapolisi iwe."

"Amayi, mwachita chiyani?"

"Khala pansi. Usakhale pabedi, pali singano."

Sajeni anakhala pa sutikesi. 

"Zaka zisanu ndi chimodzi," anatero amayi. "Diresi lililonse lotuluka m'shopu muja ladutsa m'manja awa. Mng'ono wakoyo amalankhula ndi makasitomala, amajambula, amadziwa kuitana anthu, zimenezo ndi luso lake, sindimulanda. Amandisamala, mankhwala amagula, sindigona ndi njala. Koma akayatsa chinyali chija amati, 'Amayi, talowani kumbuyo pang'ono.' Ndimalowa. Tsiku lina kasitomala anandiona, anafunsa kuti awa ndani. Ukudziwa anayankha chiyani? 'Awa amatithandiza.' Osati amayi anga, ayi. Amatithandiza."

"Bwanji simunandiuze?"

"Iwe ukabwera umakhala maso pa foni, ukuwerenga malayiki a mnzako nkhope itakwinyika. Ukuyesa sindikuona? Ndinakubereka ndine."

Sajeni anazyolika.

"Lolemba m'mawa ndimamumva akutumiza mawu kwa mkwatibwi. Akuti, 'Sindikugona chifukwa cha diresi lako, zala zanga zatupa.' Ine ndili kuseri kwa katani ndikuyamwa chala chomwe singano yandibaya. Ndinamva chinthu chikutentha apa." Anagwira pachifuwa. "Nsanje, mwanawe. Ya mwana wobereka ndekha. N'zamanyazi, koma ndi mmene zilili. Atapita ku saluni ndinavula chidole, ndinakulunga diresi m'nsalu, ndinakwera basi. Foni yakale imene anandisiyira ndinapita nayo kwa wamafoni pamsika, ananditsegulira peji, anandionetsa podina. Ndimafuna ndimve kamodzi kokha anthu akunena za msoko, nkhope yake palibe."

"Mukanangomuuza kuti azikutchulani."

"Ndipemphe kuyamikiridwa? Chiyamiko chopempha sichikoma."

"Nanga munalimaliziranji? Ndi chimene chakugwiritsani."

Amayi anavula magalasi, namuyang'ana ngati wafunsa za misala. "Ndionetse anthu diresi la mapini? Ine?"

Kenako anatulutsa foni yosweka galasi pansi pa pilo. "Tizilembo take n'tating'ono, sindikutiona. Kuyambira m'mawa ikungolira. Tandiwerengera, anena chiyani?"

Sajeni anawerenga. Analumpha zotukwana, analumpha za mkwatibwi, analumpha za anthu ofunsa mtengo. "Uyu akuti, 'Msoko uwu si wamasewera.'"

"Eya. Wina?"

"Uyu akuti, 'Mikanda yakhala ngati inamera pomwepo.'"

Amayi anamwetulira, kumwetulira komwe Sajeni anali asanakuone kwa zaka. "Pitiriza."

"Uyu akuti..." Anafuna kulumpha, koma amayi anali atatchera khutu. "Akuti, 'Kaya abe kaya asabe, Dona ndi Dona. Manja odala.'"

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Makomenti otsatira anali otero omwe, khumi, makumi awiri, ndipo Sajeni anasiya kuwerenga.

"Amayi, folo koloko apanga layivi. Akuti atchula Atsidya kuti ndi amene aba."

"Ayi! Asanamizire munthu wosalakwa." Amayi anadzuka, maondo aja osawavuta n'komwe. Anatsegula sutikesi yomwe Sajeni anakhalira, anatulutsa bulauzi yawo ya kutchalitchi ndi duku watsopano. Anavala mosafulumira, anadziyang'ana pa kagalasi, anakonza kolala. Kenako anaima pafupi ndi diresi, dzanja lamanja litagwira mkono wa mikanda uja, mutu uli chilili.

"Ndijambule. Umutumizire mng'ono wako. Auze anthu kuti lapezeka kwa amene analisoka, ndipo ndi amayi ake. Zikatero unditengere ku polisi kwanuko ngati ukufuna."

Sajeni anajambula. Chithunzi chinatuluka bwino, kuwala kwa pawindo kutagwera pa nkhope ya amayi ndi pa mikanda.

Anachiyang'ana, ndipo chala chinamuyabwa. Gulu la amalonda linali pomwepo, kudina kawiri kokha. Mawu anali atabwera kale okha m'mutu: uyu ndiye Dona weniweni, winayo sadziwa ndi kulowetsa ulusi komwe. Pofika madzulo anthu zikwi makumi anayi aja akanakhala akuseka, ndipo mng'ono wake sakanadzukanso. Anachifuna chinthu chimenechi, anachifunitsitsa. Koma amayi sanati aposite iye. Anati amutumizire. Chomwe ankafuna mayiwo sikunali kugwetsa mwana wawo, ankafuna mwanayo awatchule ndi pakamwa pake.

Anatumiza kwa Dona yekha. "Lapezeka. Lili kwa amene analisoka. Atsidya usawatchule. Chithunzi ichi uposite wekha, amayi akudikira."

Timizere tiwiri tinasintha mtundu nthawi yomweyo. Pamwamba panaoneka kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso, anasiyanso. Foni sinalire. Amayi anakhala pa kampando kaja duku ali kumutu, manja pa maondo, ngati munthu wodikira kuitanidwa kwa dokotala.

Folo koloko inakwana, layivi kunalibe. Patapita mphindi khumi positi inatuluka pa peji ya Dona wa Singano.

"LAPEZEKA! Linangosokonekera ponyamula katundu, abale anga. Adani achita manyazi! Mkwatibwi wanga, Loweruka uwala!"

Chithunzi chinali chomwecho. Kuwala komweko, mikanda yomweyo, nsalu ya pabedi yomweyo kumbuyo. Koma anali atachidula mbali imodzi, mwaluso, monga amadziwira. Malayiki anali akuthamanga kale, zana, mazana awiri, ndipo Mkango Wosakwatira anali ataikapo timitima take. Sajeni anafufuza nsanje ija mumtima mwake, yomwe anabwera nayo kuchokera m'mawa, koma sanaipeze. Munali chisoni chokha, ndi mkwiyo.

"Waposita?" anafunsa amayi.

"Waposita."

"Ndaoneka bwanji? Duku sanapendekeke?"

Sajeni anali atanenapo uthenga wa maliro m'makomo a anthu osawadziwa, koma apa lilime linakana.

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. "Wandidula."

"Zatsala zala ziwiri, amayi. Pa mkono wa diresi."

Amayi anatambasula dzanja lamanja, nayang'ana chala chachikulu ndi cholozera, zonse zokhakhala ndi mabala a singano. Anagwedeza mutu pang'ono.

"Ndi zomwe amazifuna," anatero.

Anamasula duku, namupinda bwinobwino, namubwezera m'sutikesi. Kenako anafika pa wadirobu n'kuyamba kutsitsa diresi.

"Mkwatibwi alibe mlandu. Gwira uko, lisakhudze pansi."